Paketi Yonse m'Kapu Imodzi

Fungo la tiyi wowauka likandipeza, ngakhale ndili pa siteji ya minibasi ku Luchenza mphepo itachokera ku fakitale, mtima umabwerera ku malayini a pa esiteti kumene ndinakulira. Fungo limeneli silifanana ndi la tiyi wa m'kapu. Ndi lolemera, lonyowa, ngati la udzu wosenga umene dzuwa laupeza mvula itangokata. Linkalowa m'zovala, m'mabulangete, ngakhale m'tsitsi la mlongo wanga Paulo. Dzinja limene ndikulikumbukali ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo Paulo anali ndi miyezi khumi ndi umodzi.

Nyumba yathu inali yachitatu kuchokera pa mpopi, zipinda ziwiri ndi kakhonde, malata ake adzimbiri amene ankatigonthetsa m'khutu mvula ikamagwa. Kuseri kunali kadimba ka amayi ka nkhwani ndi chinangwa. Kupitirira apo kunali tiyi yekhayekha, mizere yobiriwira kukwera mtunda ndi kutsika, mpaka ku mitengo ya bulugamu kumene maso ankathera. Alendo ankati n'kokongola. Ife tinkangodziwa kuti n'koterera, chifukwa dothi lofiira la kwathu likanyowa silisankha wom'gwetsa, kaya ndi kapitawo kaya ndi mwana.

Disembala ndi mwezi umene tiyi amapenga. Tsamba limene mwathyola lero, sabata isanathe mupeza laphukanso. Amayi anali m'gulu la othyola, ndipo ankanyamuka sayilini ya fakitale ikangolira, dengu kumsana, pulasitiki m'chiuno. Nyengo imeneyo munthu sankajomba mwachisawawa. Wojomba ankapeza mzere wake atapatsidwa wina, poti pa geti pankakhala anthu ambiri odikira mwayi womwewo. Sukulu inali itatsekera, choncho Paulo anali wanga kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Anali mwana wonenepa, wa mano anayi, wokonda kundikoka makutu ndikam'bereka. Chuma chake chonse chinali kapu yachitsulo yoyera, yosupuka m'milomo, imene ankaimenya ndi supuni tsiku lonse mpaka anthu a nyumba yoyandikana nafe ankati tikulera mmisiri wa zidebe.

Amayi anali ndi chipembedzo chachiwiri, ndicho tiyi. Tiyi wa kumunda, amene thalakitala inkabweretsa mu mgolo, ankamunyoza kuti ndi madzi otsukira mbale. Lamulungu, tikabwera ku tchalitchi, m'pamene ankaphika wawo. Masamba ankathira mpaka madzi ade bii. Shuga ankathira, n'kutakasa, n'kuthiranso, mpaka timibulu tina titakana kusungunuka n'kukhala pansi pa kapu. Apo m'pamene ankati tiyi wapsa. "Chinthu chizikhala ndi mphamvu," ankatero, ndipo lamulo limeneli linkagwira ntchito pa sopo, pa mchere wa ndiwo, ngakhale pa kutikalipira. Ine sindinkatsutsa, chifukwa chiphalaphala cha shuga chotsala pansi chija chinali changa.

Abambo anali munthu wa mawu ochepa. Ntchito yawo inali yosakaniza mankhwala ndi feteleza wa anthu opopera tiyi, pa shedi ya malata imene inali kumunsi kwa damu. Masana ndinkawapititsira mango kapena chimanga chootcha, Paulo ali kumsana. Masiku a mankhwala ankandiimitsa patali, pa mtengo wa mbawa. Koma tsiku la feteleza wa yuleya ankandilola kufika pafupi. Ankathira timibulu toyera mu mgolo wa madzi, n'kumatakasa ndi thabwa, ndipo timibulu tija tinkachepa, n'kuchepa, mpaka madzi ankayeranso mbee ngati palibe chimene chalowamo. Tsiku lina anagwira dzanja langa n'kuliika pa chitsulo cha mgolo. Chinali chozizira ngati mwala wa mumtsinje, chonsecho dzuwa linali likuswa mtengo.

"Ababa, nanga feteleza uja wapita kuti?"

"Sanapite. Ali momwemo," anayankha. "Madzi am'phwanya tizidutswa toti diso silingaone, ndiye kachidutswa kalikonse akazungulira. Pogwira ntchito imeneyo atenga kutentha, n'chifukwa chake mgolo wazizira."

Abambo sanapite patali ndi sukulu, koma madzi ankawadziwa ngati mnansi. Anandionetsa ufa wina wobiriwira, wa kopa, umene madzi ankaukana. Unkangoyandama mwaulemu munthu akamatakasa, koma akasiya unkatsika n'kukhala pansi ngati matope. Anandiuza kuti shuga amasungunuka msanga ndiponso wambiri m'madzi otentha, pamene mchere suusamala kwenikweni kaya madzi atenthe kaya azizire. Pa msomali pankapachikika jagi ya pulasitiki ya mizere, ndipo chilichonse cholowa mu mgolo chinkayamba chadutsa mu jagi imeneyo. Ankaisamala kuposa chipewa chawo cha ku tchalitchi.

Sabata ina abambo atadwala malungo, munthu wina anawagwirizira ntchito. Iyeyo anaona kuti madzi akulandirabe feteleza osatsalira pansi, ndiye anapitiriza kuthira, poganiza kuti akuchitira tiyi zabwino. Patapita masiku awiri mizere ya kumtunda kwa damu inapsa. Abambo atachira ananditengera kumeneko. Masamba anali ofiirira m'mbali, opotana, ophwanyika m'manja ngati awaukira pamoto, chonsecho mvula inkagwa tsiku ndi tsiku. "Waona?" anatero. "Madzi sakana msanga. Amalandira zambiri kuposa zimene tsamba lingapirire. Ndipo madzi olemera akagwera pa tsamba saliwetsa ludzu ayi, amakoka madzi amene ali m'tsambamo." Ndinagwedeza mutu ngati wamva, maganizo ali pa mango amene ndinasiya pa shedi.

Khirisimasi itangopita, matenda otsegula m'mimba analowa m'malayini. Mvula inali itasefukira m'zimbudzi za kumunsi, ndipo madzi a pa mpopi ankatuluka ofiirira. Paulo anayamba Lamulungu madzulo. Pofika Lolemba matewera onse anali pa chingwe, osauma chifukwa cha chinyezi. Amayi anapempha kwa kapitawo theka la tsiku n'kupita naye ku kiliniki ya pa esiteti, ine ndikutsatira pambuyo ndi ambulera. Khonde la kiliniki linali lodzaza ndi azimayi ndi ana. Adokotala anam'tsina Paulo pamimba, anayang'ana m'maso mwake, n'kupereka timapaketi tinayi ta ufa woyera. Anati paketi imodzi isungunulidwe mu lita imodzi ya madzi owiritsa, mwana azimwa pang'onopang'ono tsiku lonse, ndipo zikapitirira tibwerenso. Amayi anamva bwinobwino. Sankadziwa kuwerenga, koma lita ankaidziwa, poti palafini tinkagula wa m'botolo.

Titafika kunyumba anachita monga anauzidwa. Anawiritsa madzi, anawaziziritsa, anasungunula paketi yoyamba m'poto. Koma Paulo anamwa masupuni ochepa okha n'kutembenuza nkhope. M'mawa wa Lachiwiri poto anali akadali wodzaza, ndipo amayi anaima n'kumamuyang'ana nthawi yaitali, dengu lili kale kumsana. Ndikudziwa zimene ankawerengera mumtima, chifukwa anazinena mokweza. Ngati mwana akumwa kapu imodzi yokha pa tsiku, ndiye kuti mankhwala ambiri akutsalira m'poto n'kukatayidwa. Bwanji osaika mankhwala onse m'madzi ochepa amene mwana angathe kumaliza?

Anatenga kapu ya Paulo ija, anathiramo madzi owiritsa, anang'amba paketi yachiwiri n'kukhuthulira yonse. Anatakasa ndi supuni yake yomenyera ija. Ufa unazungulira, madzi anachita mbuu kanthawi, kenaka anayera. Amayi anapendeketsa kapu cha ku khomo kumene kunali kuwala, kufuna kuona ngati pansi patsala kanthu. Panalibe ngakhale kambulu kamodzi.

"Waona, Feliya? Madzi alandira onse. Akanachuluka akanatsalira pansi ngati shuga. Uzim'mwetsa imeneyi mpaka ithe. Madzi a pa mpopi asalawe ngakhale dontho, ndi amene am'dwalitsa."

Sayilini inalira, ndipo anathamanga.

Ndinam'mwetsa. Ndinali mwana womvera, ndipo ndinkanyadira kuti andisiyira ntchito ya unamwino. Paulo ankakwinya nkhope, ankalavula, koma ine ndinkam'pana m'miyendo monga ndinkaonera azimayi a pa layini, n'kumam'tsanulira supuni ndi supuni. Pofika masana kapu inatha, ndipo ndinaitsuka mokondwa. Koma m'mimba simunaleke. Munawonjeza. Madzulo ake amayi atabwera anam'yamwitsa, ndipo anayamwa mwaukali ngati akufuna kumeza bere lonse. Amayi anati chimenecho ndi chizindikiro chabwino, mphamvu zikubwerera.

Lachitatu m'mawa anasungunula paketi yachitatu m'kapu momwemo. Tsiku limenelo mvula inakata, dzuwa linatuluka laukali, ndipo nthunzi inkakwera kuchokera m'mizere ya tiyi. Paulo sanafunenso supuni yake. Milomo yake inali youma, liwombo litalowa m'kati, ndipo ankalira kulira kopyapyala kopanda misozi. Nditam'tulutsa pakhonde anaona mayi wina akutunga madzi pa mpopi. Anatambasula manja onse awiri, akutsegula ndi kutseka tizala take, maso ali pa madziwo. Ine ndinam'tembenuza kuti asaone, n'kum'patsa supuni ina ya m'kapu.

Kapu itafika pakati m'pamene dontho linagwera pa dzanja langa, ndipo ndinalinyambita osaganiza. Lilime linachita kukwinyika. Munali kutsekemera, inde, koma pamwamba pake panali mchere woluma, wowawa, woti ngakhale ndiwo za amayi sizinafikepo. Ndinayang'ana m'kapu. Madzi anali oyera mbee, ngati a mu mgolo wa abambo. Pomwepo ndinakumbukira masamba opsa a kumtunda kwa damu.

Ndikanakonda kunena kuti ndinanyamuka nthawi yomweyo. Sindinatero. Ndinakhala pakhonde mwina ola lathunthu ndikulimbana ndi mtima. Mwana sakonza mawu a mayi ake, ndipo amayi anali atanena momveka. Ndinayesanso kum'patsa supuni ziwiri, poganiza kuti mwina mankhwala onse amawawa chomwecho. Ola limenelo ndalisenza moyo wanga wonse. Paulo atasiya kulira n'kuyamba kungoyang'ana kudenga, ndinam'bereka, ndinavundikira kapu ndi mbale, n'kutsika njira ya ku damu, ndikuyenda ngati wasenza mazira kuti madzi asatayike.

Abambo anandiona ndikadali pa mtengo wa mbawa. Anavula magolovesi, anasamba m'manja kawiri, n'kubwera. Sindinathe kufotokoza bwino. Ndinangowapatsa kapu ndi pepala la paketi limene ndinalisunga m'thumba. Anayang'ana chithunzi cha jagi chimene chinali pa pepalalo, kenaka anaviika chala m'kapu n'kulawa. Nkhope yawo sinasinthe.

"Wasakaniza ndani?"

"Amayi."

"Kangati?"

"Dzulo ndi lero."

Abambo anandibwezera kapu n'kum'tsitsa Paulo kumsana kwanga. Anatsanula madzi owiritsa a m'botolo lawo lakumwa m'chivindikiro n'kuika pa milomo ya Paulo. Mwana uja, amene ndinkayesa wagona, anagwira dzanja la abambo ndi manja awiri n'kumwa mopupuluma. Abambo anam'manga pachifuwa ndi nsalu yanga, anakwera njinga, nandiuza kuti ndithamangire kumunda ndikauze amayi kuti awatsatire ku chipatala cha mishoni ku Makwasa. Ataponda kale pedulo anatembenuka. "Za kapuyi usauze munthu. Wamva, Feliya? Ngakhale amayi ako."

Ku chipatala anayesetsa. Amayi ankanena kwa zaka zambiri za namwino wina amene anafufuza mtsempha pa mutu wa Paulo osatopa mpaka anaupeza. Koma Lachinayi dzuwa likupendeka, thalakitala ya pa esiteti inaima pa mpopi, ndipo amayi anatsika atafungatira nsalu, osayang'ana munthu. Azimayi a pa layini anayamba kulira asanafike n'komwe pakhomo. Tinam'ika Lachisanu ku manda a antchito, kuseri kwa mitengo ya bulugamu, mvula ikuwaza. Sanali mwana yekhayo amene anaikidwa kumeneko dzinja limenelo, ndipo aliyense ankati ndi matenda aja. Lolemba lotsatira sayilini inalira monga mwa masiku onse, ndipo amayi anasenza dengu.

Kapu ija ndinali nditaibisa kuseri kwa nyumba, pansi pa lata lakale limene linatsamira khoma, madzi ake otsala ali momwemo. Ndinkaopa kuitaya, ndinkaopanso kuiona. Patapita masabata atatu ndinalimba mtima n'kukasuzumira. Kutentha kwa lata kunali kutaumitsa madzi onse, ndipo pansi pa kapu panali chikhakha choyera chomata, ndi timibulu tonyezimira m'mbali mwake. Zonse zimene amayi anathira zinali zitabwerera poyera. Abambo ananena zoona, sizinapite kulikonse. Ndinaibwezera pomwepo n'kuthawa. Nditapitanso tsiku lina, kapu panalibe, ndipo ndinaganiza kuti ana a pa layini atola.

M'nyumba mwathu nkhani imeneyi sinatchulidwe. Abambo anaisunga mpaka tsiku limene tinawaika kumudzi ku Thekerani, ndipo sindinawamvepo akuwanenera amayi mawu olasa ngakhale pa mkangano. Ine ndinasunga pangano. Ndinkakhulupirira kuti ine ndi abambo tikuwatchinjiriza amayi, ndipo mumtima ndinkadziwa kuti dzanja limene linagwira supuni linali langa. Chimodzi chokha chinasintha. Kuyambira dzinja limenelo amayi anasiya shuga. Tiyi wa Lamulungu ankaphikabe wakuda bii, koma ankamwa wopanda kanthu. Ofunsa ankawayankha kuti mano akuwavuta.

Ndinakula, ndinaphunzira, ndipo lero ndimaphunzitsa sayansi pa sekondale. Chaka chilichonse ndimaimirira kutsogolo kwa ana ndi magalasi atatu a madzi oyera, lina lopanda kanthu, lina la mchere pang'ono, lina la mchere wambiri, n'kuwauza kuti aloze losiyana. Amalephera, n'kumaseka. Ndimawafotokozera kuti malire a madzi ndi ena, malire a thupi ndi ena, ndi kuti madzi a wodwala m'mimba asapose misozi kuwawa mchere. Amalemba m'makope. Sadziwa chifukwa chake aphunzitsi awo amakhala okwiyakwiya sabata imeneyo.

Mwana wanga woyamba atadwala matenda omwewo, amayi anali kwathu kudzationa, atakalamba, zala zitapindika ndi zaka za kuthyola tiyi. Ndinali patebulo ndikuyeza madzi m'jagi, iwo atakhala pa mkeka ndi mdzukulu wawo pamiyendo. Madzi atatsala pang'ono kufika pa mzere ndinaima kuti ndione bwino.

"Thira onse, mwanangu," anatero. "Usachepetse ngakhale pang'ono."

Ndinatembenuka. Maso awo anali pa mwana.

"Kapu ija ndinaipeza ndine, kuseri kwa lata. Ndinanyambita zoyera zija. Abambo ako anapita akuyesa kuti sindikudziwa."

"Nanga bwanji simunanene, amayi?"

"Ndikananena, iwe ukanadziwa chimene unkam'mwetsa mlongo wako. Unali mwana."

Sindinawauze kuti ndinalawa ndisanapite ku shedi, kapena za ola lija la pakhonde. Ndinadzaza jagi mpaka pa mzere, ndinakhuthula paketi, ndinatakasa mpaka madzi anayera, n'kuwapatsa supuni kuti am'mwetse ndi iwo. Anailandira ndi manja awiri.

Ndili mwana ndinkayesa kuti chinsinsi chija chinali cha anthu awiri, ndi kuti Paulo anafa chifukwa cha supuni zanga. Lero ndikudziwa kuti matendawo okha ankapha ana, ndipo palibe angandiuze motsimikiza ngati lita yathunthu ikanam'pulumutsa. Ndikudziwanso kuti amayi sanalakwe chifukwa cha umbuli kapena ulesi. Ankafuna kuti mwana wawo alandire mankhwala onse, osatsalako. Tinali atatu m'zipinda ziwiri zija, aliyense akudziwa, aliyense atatseka pakamwa kuti mnzake asapweteke. Zaka zonsezo ndinkawaphikira amayi tiyi wopanda shuga, ndipo ndinkakhulupiriradi kuti ndi mano.